Dzina logawidwa ndi boma, dzina losiyidwa ndi makolo

Munthu akamawerenga mayina a anthu a ku Philippines angaganize kuti watsegula kaundula wa mzinda wina wa ku Spain. Garcia, Reyes, Ramos, Mendoza, Santos, dela Cruz: awa ndi ena mwa mayina ofala kwambiri m'dziko la zilumba zoposa 7,000 limeneli, limene pa kalembera wa 2020 linali ndi anthu oposa 109 miliyoni. Dzina la dela Cruz n'lofala zedi moti akafuna kunena za munthu wamba aliyense amangoti Juan dela Cruz. Komatu ambiri mwa eni mayinawa alibe kholo ndi limodzi lomwe lochokera ku Spain. Pakati pa mayina ofalawa pabisala ena osowa, opezeka m'chigawo chimodzi kapena m'tauni imodzi, ndipo limodzi mwa iwo ndi Lacandola. Tikaika mbiri ya dzina limeneli pambali pa mbiri ya Banda ndi Phiri, timaona kuti kuchuluka kapena kuchepa kwa anthu otchedwa dzina lina sikutiuza zambiri. Chofunika n'kudziwa amene anapereka dzinalo ndi chimene ankafuna polipereka.

Asanafike atsamunda, anthu ambiri a pa zilumbazi analibe dzina la banja lopatsirana kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Munthu ankakhala ndi dzina lake limodzi, ndipo pakati pa Atagalog akabereka ankayamba kutchulidwa ndi dzina la mwana wake woyamba, monga momwe ife timanenera kuti bambo a Chikondi kapena make Chikondi. Ulamuliro wa Spain unayamba mu 1565 pamene Miguel López de Legazpi anakhazikika ku Cebu, ndipo pamodzi naye anabwera ansembe ndi ubatizo. Obatizidwa ankasankha mayina a Chikhristu monga de la Cruz, de los Santos ndi del Rosario, aliyense mmene wakondera, kotero kuti ana a mimba imodzi ankatha kukhala ndi mayina osiyana, pamene anthu osadziwana n'komwe ankakhala ndi dzina limodzi. Eni ake sizinkawavuta, chifukwa m'mudzi aliyense ankadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Ovutika anali okhometsa msonkho, amene sankadziwa kuti wapereka ndani ndipo wazemba ndani, komanso ansembe, amene pomanga ukwati ankafuna kutsimikiza kuti awiriwo si pachibale.

Pa 21 Novembala 1849, bwanamkubwa Narciso Clavería analamula kuti banja lililonse likhale ndi dzina limodzi losasintha. Boma linasindikiza buku lotchedwa Catálogo alfabético de apellidos, lokhala ndi mayina pafupifupi 60,000 oyalidwa motsata alifabeti. Munali mayina a ku Spain, mayina a malo, a zomera ndi a nyama, komanso mawu otengedwa m'zilankhulo za pa zilumbapo. Masamba a bukuli anatumizidwa kwa akuluakulu a zigawo, iwo n'kuwagawa m'matauni, ndipo wansembe pamodzi ndi atsogoleri a m'deralo ankaitana mkulu wa banja lililonse kuti asankhe dzina kapena apatsidwe. Aphunzitsi analamulidwa kuonetsetsa kuti ana akugwiritsa ntchito dzina latsopanolo. Amene anali kale ndi dzina lokhazikika analoledwa kulisunga, koma lamulolo linafuna kuti mayina ofala mopitirira monga de la Cruz ndi de los Santos asiyidwe. Apa boma linalephera, pakuti mpaka lero dela Cruz akadali patsogolo.

Zotsatira za kagawidwe kameneka zimaoneka bwino m'chigawo cha Albay. M'tauni ya Oas, mabanja ambiri akale ali ndi mayina oyamba ndi chilembo cha R. Uyende pakati pa manda, utsegule kaundula wa sukulu kapena wa tchalitchi, chilembo chomwecho chimangobwerabwera, chifukwa masamba a R ndi amene anagwera tauniyo. Munthu wodziwa bwino derali akangomva dzina amatha kulota kumene makolo a mnzakeyo anachokera. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mayina ena a ku Philippines alili osowa: liwu limodzi la m'buku linapatsidwa kwa banja limodzi m'tauni imodzi, ndipo onse otchedwa dzinalo lero, kaya ali ku Manila, ku Mindanao, ku Hong Kong, ku Saudi Arabia kapena ku California, ndi zidzukulu za banja limenelo.

Kusowa kwa Lacandola kuli ndi gwero lina. Dzinali linachokera kwa Lakandula, amene anali mfumu ya Tondo pamene Legazpi anafika ku Manila mu 1571. Pofuna kugwira mitima ya mafumu, atsamunda anapatsa zidzukulu zake mwayi wosakhoma msonkho, ndipo ambiri a mbadwa zakezo anadzakhazikika ku Pampanga. Choncho dzinali linali ndi phindu looneka ndi maso. Lamulo la Clavería linatchula Lacandola, Mojica, Tupas ndi Raja Matanda kuti ndi mayina oti asatengedwe ndi munthu amene alibe umboni woti ndi akedi. Dzina linatchingiridwa mpanda kuti anthu wamba asalowemo n'kuthawa msonkho, ndipo mpanda umenewo ndi umene unalisiya ndi anthu ochepa. Si zidzukulu zonse za mfumuyo zimene zimatchedwa Lacandola. Banja la Macapagal la ku Pampanga, kumene kunachokera Diosdado Macapagal, pulezidenti kuyambira 1961 mpaka 1965, ndi mwana wake Gloria Macapagal Arroyo, amene analamulira kuyambira 2001 mpaka 2010, limanena kuti nalonso linachokera kwa Lakandula. Wowerenga anthu potsata dzina lokha angaphonye mbumba yaikulu.

Palinso mayina osowa amene anabwera ndi amalonda a ku China. Mlendo akabatizidwa, dzina lake lonse linkalumikizidwa kukhala liwu limodzi, n'kusanduka dzina la banja. Cojuangco, dzina la kwawo kwa Corazon Aquino amene anatsogolera dzikolo kuyambira 1986 mpaka 1992, linachokera kwa kholo limodzi la ku Fujian lotchedwa Co Yu Hwan, ndipo banjali linazika mizu ku Tarlac. Eni nthaka ena anasunga mayina a chilankhulo chawo, monga Magsaysay, Dimagiba ndi Gatmaitan. M'mapiri a Cordillera ndi pakati pa Asilamu a ku Mindanao ndi Sulu, kumene dzanja la Spain silinkafika bwino, buku la Clavería silinasinthe zambiri. Mayiko enanso anadzachita zofanana: ku Thailand lamulo la 1913 linafuna kuti banja lililonse likhale ndi dzina lakelake losafanana ndi la ena, ndipo ku Turkey lamulo lokakamiza mayina a mabanja linabwera mu 1934. Konseku woyambitsa anali boma, ndipo cholinga chinali choti munthu azipezeka mosavuta m'kaundula.

Kwathu kuno mfunda, umene ena amati chiwongo, sunachokere m'buku la boma. Banda, Phiri, Mwale, Mbewe ndi Nkhoma analipo kalaliki woyamba asanaponde dziko lino. Mbiri ya Achewa imagwirizanitsa a Phiri ndi ufumu wa Kalonga, Undi ndi Lundu, pamene a Banda imawagwirizanitsa ndi nthaka ndi kupempha mvula, monga zinalili ndi Makewana ku Msinja. Ntchito ya mfunda ndi ulemu ndi ubale. Mlendo akafika pakhomo, akakhala pamkeka n'kulonjeredwa, agogo amafunsa kuti, “Nanga mfunda wanu ndani?” Akayankha kuti Mbewe, nkhope ya agogo imasintha: “Aa, ndiye ndinu mlongo wangatu inu.” Madzi osamba m'manja amabwera msanga, ndipo akatha kudya, mlendoyo amawomba m'manja n'kuthokoza mwininyumba pomutchula mfunda wake. Mwamuna wolemekeza mkazi wake samuponyera dzina la paubwana. Amati Nabanda, Naphiri, Nambewe. Pakati pa Angoni, “Wawa Jere” ndi moni wathunthu.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zasiyanirana kwenikweni. Clavería ankaona kufanana kwa mayina ngati chisokonezo choyenera kuchichotsa, chifukwa iye ankafuna kulekanitsa anthu kuti awawerenge. Makolo athu ankaona kufanana kwa mfunda ngati chuma, chifukwa iwo ankafuna kulumikiza anthu kuti asasowe pogona. Phiri wa ku Dedza akapita ku Katete pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, amakakumana ndi Phiri wa ku Chipata ndi wa ku Tete, ndipo malire a mayiko atatu amachepa mphamvu. Ku Zimbabwe ndi ku South Africa, zidzukulu za amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu zimadziwika ndi Banda kapena Phiri ngakhale zina zinaiwala chilankhulo cha agogo awo. Dzina losowa la ku Philippines limakulozera tauni. Mfunda wofala wa kwathu umakulozera anthu amene angakulandire.

Komabe tisadzinamize kuti cholembera cha atsamunda sichinatikhudze. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 msonkho wa nyumba unabweretsa kaundula m'midzi ya Nyasaland, ndipo sukulu za mishoni, mabuku a ubatizo ndi ziphaso za ku Wenela zinafuna mayina awiri. Mwana akafunsidwa dzina lachiwiri ankatchula dzina la bambo ake kapena la agogo ake, n'chifukwa chake lero tili ndi mabanja a Jemusi, a Jonasi ndi a Wilisoni. Ena anabwera kuchokera kuntchito ndi mayina monga Supuni, Foloko ndi Sikelo, ndipo mayinawo anakakamira mpaka kwa zidzukulu. Ku chigwa cha Shire ndi ku Tete, kumene Apwitikizi anakhala nthawi yaitali, mayina monga Zuze, lochokera ku José, ndi abale enieni a Garcia ndi Santos a ku Manila. Ngakhale atsogoleri athu ali ndi mbiri yotere. Kamuzu Banda anatenga dzina la Hastings kwa mmishonale wa ku Scotland. Bingu wa Mutharika anabadwa ndi dzina la Brightson Webster Ryson Thom, n'kudzalisintha atakula. Joyce Banda anabadwa Mtila, ndipo Banda analitenga ku ukwati. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinalibe Clavería mmodzi kapena tsiku limodzi la lamulo. Zinkachitika pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yaitali dzina lachiwiri linkasintha m'badwo uliwonse, ana a bambo mmodzi wina n'kulembetsa dzina la bambo, wina la agogo, wina mfunda.

Nthawi ya kusinthasinthayo ikutha. Mu 2017 boma la Malawi linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, ndipo lero chiphasocho chimafunidwa ku banki, polembetsa nambala ya foni, pogula feteleza wotsika mtengo ndi polembetsa mavoti. Dzina limene munthu anatchula pamzere tsiku lija ndi limene ana ake adzanyamule. N'zoona kuti chiphaso n'chabwino, chifukwa munthu wosalembedwa amamanidwa zambiri. Koma tizindikire kuti m'badwo wathu ndi umene ukuumitsa mayina, monga unachitira m'badwo wa 1849 ku Philippines, ndipo chimene sichilowa m'dzina lolembedwa chimayamba kuiwalika.

Chimene chili pangozi kwambiri ndi mbali ya mayi. Achewa ndife anthu a mbumba: mwana ndi wa kuchikazi, malume ndiye mwinimbumba, ufumu ndi munda zimatsata mimba ya mayi, ndipo kale mfunda nawonso unkachokera kwa mayi. Lero ambiri timatchulidwa mfunda wa bambo, ndipo pa setifiketi ya sukulu ndi pa chiphaso dzina looneka ndi la kuchimuna. Pamenepa anthu a ku Philippines akutiposa. Kwa iwo dzina lapakati la mwana ndi dzina la kwawo kwa mayi ake. Ferdinand Romualdez Marcos ndi mwana wa Imelda Romualdez. Rodrigo Roa Duterte ndi mwana wa Soledad Roa. Benigno Cojuangco Aquino ananyamula dzina la kwawo kwa mayi ake Corazon. Motero dzina losowa, ngakhale banja litabereka ana aakazi okhaokha, limakhalabe ndi m'badwo wina woonekera pa pepala, ndipo wofufuza makolo amakhala ndi njira ziwiri zotsata m'malo mwa imodzi. N'zomvetsa chisoni kuti anthu amene anapatsidwa mayina kuchokera m'buku la mtsamunda amalemba mayi awo m'dzina, pamene ife amene timati mwana ndi wa mayi timamusiya panja.

Palibe chotiletsa kukonza zimenezi. Polembetsa mwana wobadwa kumene, makolo angathe kuika mfunda wa mayi pakati pa dzina loyamba ndi lomaliza. Amene agogo awo akadali moyo awafunse kuti dzina la banja linayamba ndi ndani, linali la munthu, la ntchito kapena la mfunda, ndipo mayi a agogowo anali a mfunda uti ndi a mudzi uti, kenaka alembe mayankhowo n'kupatsa ana. Mbadwa ya Lacandola ikafuna mbiri yake ili ndi mabuku a ansembe ndi a msonkho oti ikafufuzemo. Ambiri a ife mbiri yotere ili m'mitu mwa okalamba okha, ndipo boma silidzatilembera, chifukwa ilo likufuna dzina lotipezera, osati lotiuza abale athu. Ntchito imeneyo ndi ya banja lililonse, ndipo nthawi yoigwira ndi ino, okalambawo akadatha kuyankha.