Alonda a nyenyezi zophulika mobwerezabwereza

Mu Mlalang'amba wathu muli nyenyezi pafupifupi khumi zokha zimene anthu aziona zikuphulika kangapo. Akatswiri a zakuthambo amazitcha recurrent nova. Iliyonse kwenikweni ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana moyandikana. Imodzi, yotchedwa white dwarf, ndi yakufa kale: kukula kwake n'kofanana ndi dziko lapansi, koma imalemera kuposa dzuwa. Imeneyi imakoka mpweya wa haidirojeni kwa inzake, mpweyawo n'kumaunjikana pamwamba pake. Ukapanikizika n'kutentha mokwanira umayaka mwadzidzidzi, moti nyenyezi imene sinkaoneka n'komwe imawala kwa masiku kapena milungu, kenaka n'kuzilala. Siiwonongeka ayi. Imangoyambanso kukoka mpweya.

Tsiku lophulika palibe amalidziwa. T Pyxidis idaphulika mu 1890, 1902, 1920, 1944 ndi 1966, kenaka idangoti zii mpaka April 2011. T Coronae Borealis, imene idaphulika mu 1866 ndi 1946, ambiri ankaiyembekezera mu 2024, koma chaka chidatha isanachite kanthu. Telesikopu yaikulu ngati SALT ya ku Sutherland, ku South Africa, singadikirire nyenyezi imodzi zaka zonsezo, poti oipempha ndi ambiri. Ntchito yodikirayo idagwera anthu wamba okonda nyenyezi, amene amachita ngati mlonda wa pa esiteti: amachezera usiku osaona kanthu, koma zikachitika ndiye woyamba kuimba belu.

Phindu lake lidaoneka pa 8 August 2021, pamene anthu otere, mmodzi mwa iwo Keith Geary wa ku Ireland, adaona RS Ophiuchi itawala. Uthenga udafalikira msanga, ndipo usiku wotsatira matelesikopu a H.E.S.S. ku Namibia adalozedwa komweko. Adapeza cheza champhamvu kwambiri cha gamma, cha mlingo umene unali usanapezekepo pa nova iliyonse. Akadachedwa sabata imodzi, chimake cha kuphulikako chikadawapita.

Kagwiridwe ka ntchito yodikirayi n'kosavuta, koma kamafuna khama. Munthu amatenga mapu a nyenyezi ku bungwe la AAVSO, limene lidakhazikitsidwa ku America mu 1911, n'kuyerekeza kuwala kwa nyenyezi yake ndi kwa zoyandikana nayo zimene kuwala kwake n'kodziwika. Amalemba mlingo ndi nthawi, n'kutumiza pa intaneti. Ngakhale lipoti loti nyenyeziyo sinaoneke lili ndi ntchito, chifukwa limathandiza kudziwa ola limene kuphulika kudayamba. Kumwera kwa Africa kuno mwambowu ndi wakale. Alexander William Roberts, mphunzitsi wa pa sukulu ya Lovedale, ankayeza nyenyezi zosinthasintha kuwala m'zaka za m'ma 1890. Danie Overbeek wa ku Edenvale adatumiza malipoti oposa 250,000 m'moyo wake.

Minda ya tiyi ya ku Thyolo, monga Satemwa ndi Naming'omba, ndi malo oyenera ntchitoyi. Tiyi amadulidwa kulekeza m'chiuno, choncho thambo limaoneka ponseponse, ndipo magetsi ndi ochepa munthu akatalikira fakitale. Bomali lili pa madigiri 16 kumwera kwa ikweta, kotero U Scorpii, imene idaphulika mu 2010 ndi 2022, imadutsa pafupifupi paliwombo penipeni. RS Ophiuchi nayo imakwera bwino madzulo a June mpaka August. T Coronae Borealis imaonekera chakumpoto. Pakadali pano imafuna katelesikopu kakang'ono, koma ikadzaphulika idzaoneka ndi maso kwa masiku angapo.

Chosokoneza ndi nyengo. Chiperoni chimakuta mapiri m'miyezi yozizira yomweyo imene nyenyezizi zili pabwino, utsi wa moto wolusa umadetsa thambo mu September ndi October, ndipo T Pyxidis imakwera madzulo a m'dzinja mitambo ili tho. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna maso ambiri m'maiko ambiri, kuti kwina kukaphimba kapena kukacha, kwina aone. Malipoti onse amalembedwa pa nthawi imodzi ya dziko lonse yotchedwa UT, ndipo wotumiza ali ku Malawi amachotsera maola awiri pa wotchi yake.