Kukwezedwa pa ntchito m'makampani a ulangizi wa bizinesi

Kukwezedwa pa ntchito m'makampani a ulangizi wa bizinesi kumatsata ndondomeko ya maudindo imene munthu amadutsamo kuchokera tsiku lolembedwa ntchito kufikira atakhala mmodzi mwa eni kampani, udindo wotchedwa partner. Ndondomekoyi imadziwika kwambiri m'makampani atatu a ku America: McKinsey & Company, imene inakhazikitsidwa ku Chicago mu 1926, Boston Consulting Group kapena kuti BCG ya mu 1963, ndi Bain & Company ya mu 1973. Kumeneku udindo uliwonse uli ndi nthawi yake, ndipo munthu saloledwa kukhalitsa malo amodzi.

Maudindo ndi zaka za anthu

Amene angomaliza digiri yoyamba amalowa ali ndi zaka 22 kapena 23. Ku McKinsey amatchedwa business analyst, ndipo ntchito yawo ndi yosonkhanitsa ndi kusanthula manambala. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ena amakwezedwa pomwepo, ena amapita kukachita digiri ya MBA, imene ku America imatenga zaka ziwiri. Amene ali ndi MBA amayambira pa udindo wa associate, ambiri ali ndi zaka za pakati pa 27 ndi 30. Mayinawa amasokoneza: ku BCG associate ndi udindo wa pansi penipeni, pomwe wofanana ndi associate wa ku McKinsey amatchedwa consultant.

Udindo wotsatira ndi wotsogolera gulu la alangizi pa ntchito ya kasitomala mmodzi. Ku McKinsey ndi engagement manager, ku BCG ndi project leader, ndipo ambiri amafikapo ali ndi zaka 30 kapena kupitirira pang'ono. Kenaka pamabwera associate partner kapena principal. Apa ntchito imasintha kwambiri, chifukwa luso la manambala silikwaniranso: munthu amayenera kuonetsa kuti angathe kukopa makasitomala ndi kubweretsa ndalama. Amene wayenda bwino amakhala partner ali ndi zaka za m'ma 35, patatha zaka pafupifupi 6 mpaka 10 chimalizireni MBA. M'makampani owerengera ndalama amene amachitanso ulangizi, monga Deloitte, PwC, EY ndi KPMG, ulendowu kawirikawiri umakhala wotalikirapo.

Kukwera kapena kuchoka

Lamulo limene limayendetsa zonsezi limatchedwa up or out pa Chingelezi, kutanthauza kuti wosakwezedwa m'nthawi yake amapemphedwa kuchoka. Linachokera m'makampani a maloya. Marvin Bower, loya amene analowa McKinsey mu 1933, ndiye analikhazikitsa kumeneko, ndipo mu 1953 kampaniyo inayamba kulemba achinyamata ongomaliza kumene maphunziro a bizinesi m'malo modalira akuluakulu odziwa kale ntchito. Chifukwa cha lamuloli n'chosavuta kumva: malo a pamwamba ndi ochepa, ndipo chaka chilichonse pansi pamalowa anthu atsopano ofuna malo.

Choncho ambiri safika pa udindo wa partner, ndipo ochuluka amachoka mwa kufuna kwawo pakangotha zaka zochepa, ena chifukwa cha maulendo ndi kugwira ntchito mpaka usiku. Makampaniwa saona kuchoka ngati chamanyazi, popeza wochoka lero akhoza kudzakhala kasitomala. Sundar Pichai wa ku Google anagwirapo ntchito ku McKinsey, Indra Nooyi amene anatsogolera PepsiCo anadutsa ku BCG, ndipo Tidjane Thiam wa ku Ivory Coast anali partner ku McKinsey asanatsogolere Prudential ndi Credit Suisse.