DUWA LA ARNICA: M'MENE MANYOWA NDI KAKONZEDWE ZISINTHIRA MPHAMVU YA MANKHWALA ACHE

Mlimi ali yense adziwa kuti chimanga chikalandira manyowa chibala bwino, ndipo ambiri a ife tazolowera kuganiza kuti mbeu iri yonse ifuna zomwezo. Koma ziripo mbeu zina zimene mtengo wache suli m'kulemera kwa thumba ai, koma m'mankhwala amene ali m'kati mwa mbeuyo. Mwezi uno tifotokoza za mbeu imodzi yotere, ndiyo duwa la ku Ulaya, dzina lache arnica. Duwali silimera m'dziko lathu, ndipo sitikuuzani kuti mulibzale. Koma mbiri yache iphunzitsa bwino lomwe kuti kadyetsedwe ka mbeu, kakololedwe ndi kakonzedwe kache zingathe kuonjeza kapena kuononga chinthu chenicheni chimene wogula afuna.

ARNICA NDI KWAO

Dzina lache la akatswiri ndi Arnica montana, ndipo ali wa banja limodzi ndi mpendadzuwa, deliya ndi chisoso. Masamba ache ayala pansi, phesi lache lifika cha m'bondo, ndipo pamwamba pache pakhala maluwa achikasu onga a mpendadzuwa wamng'ono. Safa chaka chimodzi, pakuti ali ndi tsinde lokwawa pansi pa nthaka limene liphukanso chaka ndi chaka. Amera yekha m'mabusa a m'mapiri ozizira, monga a Vosges ku France, a Alps, a Black Forest ku Germany, a Apuseni ku Romania ndi a Galicia ku Spain, nachita maluwa kuyambira mwezi wa June kufikira August.

Kuyambira kale anthu a kumeneko apaka mankhwala a maluwawa pa mikwingwirima, pamene munthu wabinya, ndi pa minofu yowawa. Mphamvu yache yeniyeni iri m'mankhwala awiri owawa, helenalin ndi dihydrohelenalin. Munthu akapweteka, thupi lache limatumiza uthenga woitana kutupa. Mankhwala amenewa agwira nchito ya kutsekereza uthengawo. Buku la malamulo a mankhwala la ku Ulaya, European Pharmacopoeia, lilamula kuti m'kilogalamu imodzi ya maluwa ouma mukhale magalamu osachepera 4 a mankhwala a mtundu umenewu. Maluwa osafika pamenepo, ngakhale adzaze matumba ambiri, sayesedwa mankhwala.

Nayo mbeu iri ndi mbali yache. Arnica wa ku Spain ali ndi dihydrohelenalin wochuluka, pamene wa pakati pa Ulaya achulukitsa helenalin. Manyowa sangasandutse mtundu wina kukhala unzache.

MANYOWA PA BUSA

Chodabwitsa choyamba ndi ichi: arnica akonda nthaka yosauka ndi yowawasa, imene mlimi wa chimanga akadaikana. Pa nthaka yotere udzu ukhala waufupi ndi wapatalipatali, kotero kuti dzuwa lifika pa masamba ache oyala pansi aja, ndipo njere zache zipeza podzera kufika pa dothi.

Itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945, alimi a ku Ulaya anafuna udzu wambiri wodyetsa ng'ombe. Anayamba kuthira m'mabusa mwao fetereza wa naitrojeni, uja wobiriwitsa masamba, pamodzi ndi ndowe zamadzi za m'khola ndi laimu. Udzu unakula ndithu monga anafunira, koma unatalika nuphimba arnica, ndipo iye anafa ndi mthunzi. Laimu anaonjeza bvuto lina: pa nthaka ya laimu mizu ya arnica ilephera kukoka chitsulo cha m'nthaka, masamba nachita chikasu, mbeu nifota. Kwinanso alimi analeka kudyetsa ziweto ndi kumweta udzu m'mapiri, ndipo zitsamba zinalanda malo. Motero duwa limene linali lochuluka linayamba kusowa. Ku Germany nkoletsedwa kulithyola kuthengo popanda chilolezo, ndipo mu 1992 maiko a Ulaya analilemba m'gulu la zomera zimene kathyoledwe kache kayenera kuyang'aniridwa.

Pa phiri la Markstein, m'mapiri a Vosges, anthu anapeza njira yabwino. Mu 2007 alimi oweta ng'ombe, othyola maluwa, ogula ndi akulu a maboma a kumeneko anapangana kuti pa mabusa a arnica pasathiridwe laimu kapena fetereza, ng'ombe zidye mwa muyeso, ndipo othyola asiyeko maluwa ena kuti abale njere. Pa malo amenewo mlimi asunga chuma cha busa pakumana nthaka manyowa.

MANYOWA M'MUNDA

Popeza wa kuthengo anachepa, anthu anayesa kumlima m'munda, ndipo poyamba analephera kawiri kawiri. Katswiri wa zaulimi Ulrich Bomme, wa ku Freising m'chigawo cha Bavaria ku Germany, anasankha mbeu kwa zaka zambiri kufikira anapeza mtundu wolimika, dzina lache Arbo. Chaka choyamba mbeuyo ingoyala masamba. Maluwa enieni ayamba chaka chachiwiri.

M'munda nkhani ya manyowa isintha, chifukwa mlimi apalira, ndipo palibe udzu wolanda chakudya kapena kuphimba mbeu. Zoyesa za akatswiri, makamaka a ku Lublin m'dziko la Poland, zaonetsa kuti naitrojeni wa muyeso aonjeza maluwa, ndiponso asintha kuchuluka kwa mankhwala ali m'maluwamo. Koma phindu limeneli liri ndi malire. Mlimi akapitiriza muyeso, chakudya chambiri chipita ku masamba, mbeu ikhala yofewa, ndipo pa nthaka yosunga madzi mizu ibvunda msanga. Alimi a fodya adziwa kale zimenezi: fodya wodyetsedwa naitrojeni wambiri aoneka wokongola m'munda, koma abvuta kuuma, ndipo pa msika atsika mtengo. Laimu ndiye mdani wa arnica m'munda monga pa busa pomwe.

Dziwaninso kuti mankhwala a m'duwa limodzi samvera chinthu chimodzi onse. Pafupi ndi Innsbruck ku Austria anabzala Arbo pa malo osiyana, kuyambira m'tsinde mwa phiri kufikira pamwamba. Mankhwala ena a m'duwamo anachuluka pokwera phiri, ndipo pambuyo pache kunapezeka kuti kuzizira ndiko kuchititsa zimenezi. Koma mankhwala owawa aja sanatsate kutalika kwa phiri. Chifukwa chache wogula wanzeru sakhulupira maso okha, koma apima maluwa asanalipire.

KUTHYOLA NDI KUYANIKA

Chimene ticha duwa limodzi la arnica ndi mutu wa timaluwa tambiri, monga mpendadzuwa. Akatswiri a ku New Zealand, m'zoyesa zimene anafalitsa mu 2004, anapeza kuti mankhwala owawa achuluka m'timaluwa ta pakati, achepa m'timasamba tachikasu ta m'mbali, ndipo achepetsetsa m'phesi. Anapezanso kuti duwa lokhwima liri ndi mankhwala ambiri koposa losatseguka. Tsono wothyola amene adula ndi phesi lalitali kuti thumba lilemere, adzinyenga yekha, pakuti asukulutsa katundu wache.

Maluwa athyoledwa atatseguka, tsiku lopanda mvula, mame atauma. Sayenera kupanikizidwa m'thumba losapita mphepo, chifukwa atentha nayamba kuda. Ayanikidwa tsiku lomwelo, pa mthunzi, moyala mopyapyala, pa kutentha kosapitirira madigiri 40 kapena 45. Kuchedwa kuli ndi zoipa ziwiri: timaluwa tipitiriza kukhwima tisanduka thonje louluka, ndiponso pali kanchenche kena kamene kaikira mazira m'mutu mwa duwa, ndipo mphutsi zache zidya m'kati. Makilogalamu 5 kapena 6 a maluwa awisi apereka kilogalamu imodzi ya ouma. Ouma asungidwa pouma ndi pa mdima.

NJIRA ZITATU ZA KUCHOTSA MANKHWALA

Mchere usungunuka m'madzi koma sungasungunuke m'mafuta. Momwemonso mankhwala a m'duwa: chobviikira chiri chonse chikoka ache ache, nichisiya ena. Maluwa a munda umodzi angathe kupereka mankhwala atatu osiyana mphamvu.

Njira yoyamba ndi ya madzi otentha. Bungwe la boma la Germany loona za mankhwala a zitsamba, Commission E, mu 1984 linaika muyeso wa magalamu 2 a maluwa m'mamililita 100 a madzi. Abviika nsaru m'madzimo naiika pa chotupa. Madzi akoka bwino mankhwala okonda madzi, koma sasunga. Tsiku ndi tsiku afunika atsopano.

Njira yachiwiri ndi ya ethanol, ndiwo mowa woyera waukali wa opanga mankhwala, wosakaniza ndi madzi kuti ukhale magawo 60 kufikira 70 pa 100. Gawo limodzi la maluwa libviikidwa m'magawo 10 a mowawo. Popeza muli madzi ndi mowa pamodzi, njira imeneyi ikoka mankhwala a mitundu yambiri, makamaka owawa aja, ndipo ikhala nthawi yaitali osaonongeka. Ndiyo ya mphamvu koposa, kotero kuti pobviika nsaru ayamba asukulutsa ndi madzi katatu kufikira kakhumi.

Njira yachitatu ndi ya mafuta, monga a mpendadzuwa: gawo limodzi la maluwa m'magawo 5 a mafuta. Mafuta akoka mankhwala okonda mafuta pamodzi ndi chikasu ndi pfungo la duwa, nasiya okonda madzi. Ndi ofatsa pa khungu, oyenera kutikitira minofu. Koma maluwa akalowa m'mafuta ali ndi chinyezi, achita chuku ndipo nchito yonse ipita pachabe.

CHENJEZO

Helenalin yemweyo amene aphwetsa chotupa ndi ululu akalowa m'mimba: asanzitsa, atsegula m'mimba ndi kusokoneza mtima. Chifukwa chache mankhwala atatu tafotokozawa ndi opaka kunja kokha, sali akumwa ai. Bungwe la mankhwala la Ulaya, European Medicines Agency, mu 2014 linabvomereza arnica pa mikwingwirima, kubinya ndi kuwawa kwa minofu, koma linati asapakidwe pa bala kapena pafupi ndi maso, ndipo silinamlole kwa ana osafika zaka 12. Anthu ena khungu lao limuyanja moipa, natuluka zidzolo. Oterewa aleke pomwepo. Musayese deliya kapena duwa lina lachikasu la kuno kukhala arnica chifukwa cha kufanana kwa maonekedwe. Ndipo ngati chotupa chikula, kapena mukaika kuti pfupa lathyoka, pitani ku chipatala msanga.

ZOTI MUKUMBUKE

1. Mudziwe chimene wogula afuna m'mbeu yanu: kulemera, kapena mphamvu ya m'kati.
2. Si mbeu zonse zikonda nthaka yachonde. Mudziwe nthaka musanathire fetereza kapena laimu.
3. Manyowa a muyeso athandiza, opitirira muyeso aononga.
4. Mphamvu imene munda wakupatsani ingathe kutayika pa tsiku limodzi la kuyanika mosasamala.

Malangizo amenewa ali oona pa fodya, tiyi ndi mbeu iri yonse yogulidwa potsata ubwino wache. Musanasinthe muyeso wa fetereza m'munda mwanu, kambiranani ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.