Wasonkha ndalama, koma kiyi ali ndi wina

Mphwanga anandifunsa chifukwa chimene anthu osonkhera masewera apakompyuta pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, amakwiyira akamva za DRM. Inenso kale zinkandizunguza mutu: loko amavuta akuba, nanga osonkha akudandaula chiyani?

DRM ndi loko woletsa kukopera masewera mwachisawawa. Loko wina amafuna kuti masewerawo ayambe afunsa kampani pa intaneti ngati ulidi mwini wake. Zili ngati nyumba imene unaumba nawo njerwa, koma kiyi amasunga mmisiri. Kampani ikazimitsa makompyuta ake, wagona panja.

Mu Novembala 2014, a kampani ya Frontier Developments analengeza kuti masewera awo a Elite: Dangerous sadzaseweredwa popanda intaneti, pamene posonkhetsa ndalama pa Kickstarter analonjeza kuti zidzatheka. Ambiri anaitanitsa ndalama zawo, ndipo kwa ine sanalakwitse.