Nyumba Zodziyatsira Nyale: Makina Akale Akalamba, Eni Ake Asamukira ku Atsopano

Pakati pa mwezi wa Epulo caka ca 2022, anthu ambiri a ku America amene anaika makina a Insteon m'nyumba zao anaona zodabwitsa. Anatenga mafoni ao monga mwa masiku onse kuti ayatse kapena kuzimitsa nyale, koma nyumbazo sizinamvere. Magetsi analipo ndithu, ndipo mawaya anali bwino. Cimene cinacitika ndi cakuti kampani ya SmartLabs ya ku California, imene inali kupanga makinawo, inatha ndalama ndi kuzimitsa makompyuta ake akuluakulu popanda kucenjeza aliyense. Maswichi a pakhoma anapitiriza kugwira nchito ndi dzanja, koma zonse zimene zinali kudzera pa foni zinaima.

Mu Juni caka comweco gulu la anthu ena ogwiritsa nchito makinawo linagula kampaniyo ndi kuyatsanso makompyuta aja, ndipo pambuyo pake linayamba kulipiritsa. Komabe eni nyumba ambiri anali atatengapo kale phunziro, ndipo anayamba nchito yocotsa makina akale ndi kuika atsopano. Nchito imeneyi imadya ndalama ndi nthawi, ndipo woicita mothamanga amagona mumdima.

Ciyambi cake

Nyumba yodziyatsira nyale ndi nyumba imene nyale, maloko a zitseko, mafani ndi mapampu a madzi zimamvera kabokosi kamodzi kolamulira, kamene kali ngati kapitao pa munda waukulu. Mwini nyumba amauza kapitaoyo kamodzi kokha kuti nyale ya panja iziyaka dzuwa likalowa ndi kuzima m'bandakuca, ndipo zimatero tsiku ndi tsiku.

Nzeru imeneyi si yalero. Caka ca 1975 akatswiri a kampani ya Pico Electronics, m'tauni ya Glenrothes ku Scotland, anapeza njira yotumizira uthenga m'mawaya omwewo amene amabweretsa magetsi m'nyumba. Anaicha X10, ndipo caka ca 1978 inayamba kugulitsidwa m'masitolo a Sears ndi RadioShack ku America. Anthu anaikonda cifukwa panalibe zoboola makoma kuti aikemo mawaya ena. Munthu anali kungogula kabokosi, kukalumikiza pakhoma, ndi kulumikizako nyale yake.

Magetsi a m'nyumba amayenda cobwererabwerera, ku America maulendo 60 pa sekondi imodzi, kuno ku Zambia maulendo 50. Pa kanthawi kamene akutembenuka mphamvu yao imatsika kufika pa ziro, ndipo mpamene X10 imaponyapo kacizindikiro kake. Kabokosi kalikonse kanali ndi timagudumu tiwiri, kena ka zilembo 16 kuyambira A mpaka P, kena ka manambala 1 mpaka 16. Motero maina onse otheka anali 256, ndipo uthenga ukadutsa m'mawaya, kabokosi kokhala ndi dzina locHULIDWA kokha ndiko kanali kumvera.

Ukalamba wa X10

Patapita zaka zofooka zake zinaonekera. Lamulo limodzi linali kutenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti lifike, ndipo makina ambiri a X10 sanali kuyankha kuti amva. Uthenga ukatayika panjira, wotumiza sanali kudziwa. Nyumba zitadzaza ndi makompyuta, mawailesi a kanema ndi zochajira mafoni, zinthu zimenezi zinayamba kuika phokoso m'mawaya kapena kumeza kacizindikiro kaja. Mababu atsopano a LED, amene amadya magetsi pang'ono, ena anali kuphethira kapena kuwala cizimezime ngakhale atazimitsidwa, pakuti timabokosi takale timatulutsa timagetsi tocepa nthawi zonse. Ndiponso uthenga wa X10 unalibe cinsinsi: nyumba ziwiri zolandira magetsi ku thiransifoma imodzi zikasankha cilembo cimodzi, munthu anali kutha kuzimitsa nyale ya mnansi wake mosadziwa.

Insteon, imene inatuluka caka ca 2005, inayesa kukonza zimenezi potumiza uthenga m'mawaya ndi mumlengalenga momwe. Koma pa nthawiyo zinenero zina za makina zinali zitabadwa kale.

Uthenga woyenda mudzi ndi mudzi

Caka ca 1999 kampani ya Zensys ya ku Denmark inayambitsa Z-Wave, ndipo mu Disembala 2004 malamulo a Zigbee anavomerezedwa. Dzina la Zigbee linacokera ku kavinidwe ka njuci pouza zinzake kumene kuli maluwa. Zinenero ziwirizi zimatumiza uthenga mumlengalenga monga wailesi, koma ndi mphamvu yocepa kwambiri, kotero kuti kacipangizo ka pacitseko kamatha caka kapena kupitirira ndi kabatire kamodzi.

Popeza mau ake safika patali, makinawa amapatsirana uthenga monga mmene uthenga wa maliro umayendera, mudzi uwu kuuza mudzi woyandikana nao mpaka ufike kutsidya la mtsinje. Swichi ya m'cipinda cocezera imalandira uthenga ndi kuupereka ku ya m'khichini, iyonso ku ya panja. Imodzi ikafa, uthenga umafuna njira ina. Wolandira amayankhanso kuti wamva. Gulu limodzi la Z-Wave limatha kukhala ndi makina 232.

Bvuto linatsala pa akapitao. Kampani iliyonse inali kugulitsa kabokosi kakekake kolamulira, ndipo tambiri sitinali kuganiza tokha: tinali kufunsa makompyuta a kampani kudzera pa intaneti. Kampani ikasintha maganizo, kabokosi kanali kusanduka mwala. Kabokosi ka Revolv, kamene kanali kugulidwa pafupifupi madola 300, kanazimitsidwa mu Meyi 2016 ndi kampani ya Nest imene inagula Revolv caka ca 2014. Masitolo a Lowe's anatseka Iris mu Malichi 2019. Kampani ya Wink inalengeza mu Meyi 2020 kuti eni timabokosi take aziyamba kulipira madola 4.99 mwezi uliwonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwamphepo.

Cinenero cimodzi

Mu Disembala 2019 makampani a Amazon, Apple ndi Google, pamodzi ndi bungwe loyang'anira Zigbee, anagwirizana kupanga cinenero cimodzi coti makina a makampani onse azimvana. Cinatuluka mu Okutobala 2022 ndi dzina lakuti Matter. Cimayenda pa Wi-Fi, pa waya wa kompyuta, kapena pa Thread, njira ina yopatsirana uthenga yofanana ndi Zigbee imene bungwe lake linakhazikitsidwa caka ca 2014. Malamulo a Matter amayenda m'nyumba momwemo osadzera kunja, ndipo babu limodzi limatha kumvera akapitao a makampani osiyana. Matter woyambayo anali ndi nyale, maswichi, maloko ndi zina zotero, koma makamera munalibe. Makina akale ena amalowa mu Matter kudzera pa kabokosi komasulira: caka ca 2023 kabokosi ka Philips Hue kanaphunzitsidwa Matter, ndipo mababu a Zigbee ogulidwa kale anapitiriza kugwira nchito.

Eni nyumba ena anasankha kapitao wopanda mwini mmodzi. Home Assistant, pulogalamu imene Paulus Schoutsen wa ku Netherlands anayambitsa caka ca 2013, ndi yaulere ndipo imakonzedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri. Imakhala m'kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi, kokwana m'dzanja, ndipo imamva Zigbee, Z-Wave, Matter ndi Insteon ikalumikizidwa ku tizipangizo toyenera.

Kasamukidwe kake

Wosamuka mudzi sagwetsa nyumba yakale yatsopano isanafoleredwe. Coyamba mwini nyumba amatenga buku ndi kulemba makina onse: dzina lake, cipinda cimene ali, ndi nthawi imene amayaka ndi kuzima. Zambiri za malamulo amenewa zinaikidwa zaka zapitazo ndipo zinaiwalika, ndipo zimakumbukika pokhapo nyale ya panja ikaleka kuyaka.

Caciwiri amaika kapitao watsopano pambali pa wakale, ndipo onse awiri amagwira nchito kwa kanthawi, monga mmene kwacha yakale ndi yatsopano zinayendera pamodzi kuyambira Januwale mpaka Juni caka ca 2013. Pa nthawi imeneyi makina akale sayenera kufufutidwa mothamanga. Insteon itatseka, a Home Assistant anacenjeza anthu kuti asafufute timabokosi tao, pakuti kabokosi kofufutidwa kanali kufuna makompyuta a kampani aja kuti kadzukenso, pamene kosafufutidwa kanali kutha kulamulidwa m'nyumba momwemo.

Cacitatu amasintha cipinda cimodzicimodzi, kuyambira pafupi ndi kapitao kumka kutali. Amayamba ndi makina olumikizidwa ku magetsi a pakhoma, cifukwa ndiwo amapatsira anzao uthenga. A mabatire amagona nthawi zambiri posunga mphamvu, ndipo sapatsira mnzao. Woyamba ndi a mabatire akutali amadabwa kuti samveka. Makina a Z-Wave amayenera kutulutsidwa kwa kapitao wakale asanalembedwe kwa watsopano, pakuti satumikira magulu awiri. Zigbee ndi Wi-Fi zimalankhulira pa malo amodzi a mlengalenga, pa 2.4 GHz, motero timabokosi take timaikidwa motalikirana kuti tisasokonezane.

Pali cinanso cimene cimapezeka swichi ikatsegulidwa. M'nyumba zambiri zakale, kumbuyo kwa swichi kulibe waya wobwezera magetsi, pamene maswichi atsopano ambiri amaufuna kuti akhale maso usana ndi usiku. Iyi ndi nchito ya katswiri wa magetsi, si ya mwini nyumba. Maloko a zitseko ndi mapampu a madzi amasinthidwa pomalizira, zina zonse zitayesedwa, ndipo kiyi ndi swichi ya dzanja zimasiyidwa kuti agogo kapena mlendo athe kutsegula citseko ndi kuyatsa nyale popanda foni.

Za kuno kwathu

Makina amenewa akagulidwa ku America sayenera nyumba za ku Zambia. Kumeneko magetsi a pakhoma ndi mavoti 120, kuno ndi 230, ndipo columikizidwa molakwika cimapsa. Z-Wave ya ku America imalankhula pa 908 MHz pamene ya ku Ulaya imalankhula pa 868 MHz, ndipo ziwirizi sizimvana. Wacibale wofuna kutumiza mphatso yotere ayenera kudziwa zimenezi asanataye ndalama.

Caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Pa nthawi yotere kapitao wodalira intaneti amakhala cete, pamene woganiza yekha, akapatsidwa batire kapena sola, amapitiriza kulamulira zonse zimene zili ndi moto.

Ngakhale m'midzi momwe makina omvera kampani yakutali anafika kale. Masola ogulidwa pa ngongole amatseguka munthu akalipira pa foni, ndipo amatseka malipiro akacedwa. Wogula sola yotere, kapena pampu yoyatsidwa ndi foni, ayenera kufunsa wogulitsa mafunso atatu asanasaine: kodi ngongole ikatha makinawo adzatseguka mpaka kalekale, kodi amagwira nchito pamene foni ilibe netiweki, ndipo kodi kampani itatseka angawakonze ndani. Mayankho ake alembedwe pa pepala la pangano, pakuti safunsa anadya phula.