Tsabola ankaluma chifukwa ndinamuphunzitsa ndine

Pa chala changa chamkombaphala pali kachipsera kooneka ngati chilembo cha V. Amene anandilemba chilembo chimenechi ndi Tsabola, chinkhwe chobiriwira cha mlomo wofiira psuu, chimene aneba athu anandisiyira posamuka. Kumene ankapita kunali kutali ndipo m'lole munali mutadzaza kale katundu, basi anangondipatsa pamodzi ndi khola lake lawaya. Tsabola anali ndi miyezi isanu. Kumwendo kwake kunali kamphete kachitsulo kopanda polumikizira, chizindikiro choti anaswedwa kwa munthu woweta mbalame, chifukwa kamphete kotero kamalowa pokhapokha kamwana ka mbalame kakadali ndi masiku ochepa, phazi lisanakule.

Tsiku loyamba lomwelo ndinapisa dzanja m'khola kuti ndimugwire. Sindinaone n'komwe mmene zinachitikira. Ndinangomva kuti tswii pachala, ine "Mayo ine!" dzanja n'kulisolola, magazi chuchuchu. Mnzanga wina anandiuza kuti mbalame yamwano umaigogoda pamlomo ndi chala kuti idziwe mwini nyumba. Ndinayesa sabata yathunthu. Zotsatira zake, Tsabola anayamba kundilumphira ndikangoyandikira waya.

Nkhani inafika poipa pamene muphwa wanga wa zaka zinayi analowetsa kachala pa waya. Sanavulale kwambiri, koma kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu. Achemwali anga sanachulutse mawu.

"Achimwene, mwezi uno ukatha mbalameyi ikadaluma, muichotse pano. Kaya muitsegulira izipita, kaya mutani, izo n'zanu."

Kuitsegulira kumaoneka ngati chifundo, eti? Koma mbalame yobadwira m'khola siidziwa kofuna chakudya, siidziwa kabawi, siidziwa mphaka. Nthawi zambiri imafa m'masiku ochepa. Ndipo zikapulumuka zingapo pamabukanso vuto lina. Mtundu wa Tsabola, umene dzina lake la sayansi ndi Psittacula krameri, kwawo kwenikweni ndi ku India ndi mayiko oyandikana nawo, komanso chigawo cha Africa choyambira ku Senegal kukafika ku Ethiopia. Koma lero mbalamezi zadzaza m'mapaki a ku London, ndipo ku Durban ndi ku Johannesburg ziliponso zambiri, zonsezo zidzukulu za mbalame zothawa kapena zotayidwa ndi eni ake. Zimaswera m'mphako za mitengo, ndiye zimalimbirana mphakozo ndi mbalame za m'deralo. Sindinafune kuti vuto lotere liyambire pakhomo panga. Ndinatsala ndi masabata atatu ndi theka, ndipo ndinayamba kuwerenga ngati munthu amene mayeso a MSCE ali mawa.

Choyamba chimene ndinapeza chinandichititsa manyazi. Mlomo wa chinkhwe ndi dzanja lake. Kunja kwake kuli keratin, zomwe zija zimapanga zikhadabo zathu, koma mkati muli fupa, magazi ndi minyewa, ndipo kunsonga kwake kuli timinyewa tambiri timene timamva kukhudza. Ife nsagwada ya m'munsi yokha ndi imene imayenda, pamene chinkhwe mlomo wam'mwamba nawonso umayenda, chifukwa pamene unalumikizana ndi chigaza pali ngati hinji ya chitseko. N'chifukwa chake mlomo womwewo umatha kuswa njere yolimba, n'kuthanso kusenda khungu lopyapyala la mtedza osauphwanya. Mu 2022 akatswiri a ku New York Institute of Technology anayeza mphamvu imene tizinkhwe ting'onoting'ono totchedwa lovebird timagwiritsa ntchito pokwera pamalo oongoka, ndipo anapeza kuti mutu ndi mlomo zimakoka thupi ngati mwendo wachitatu weniweni.

Ndiye taganizani. Chinkhwe chisanaponde nthambi, chimayamba chaigwira ndi mlomo kuti chione ngati ili yolimba. Ine ndikapereka chala, Tsabola n'kutambasula khosi kuti achiyese, ndinkachita mantha n'kuchithawitsa. Kwa iye imeneyo inali nthambi yogwedera, ndipo nthambi yogwedera umaigwira mwamphamvu kuti usagwe. Kuluma kwina kumene ndinkadandaula nako sikunali kuluma n'komwe. Ndiye ine n'kumamugogoda pamlomo pomwe pali minyewa yonse ija.

Chachiwiri, chinkhwe kutchire ndi ndiwo ya nyama zina. Maso ake ali m'mbali mwa mutu kuti chiziona mdani kuchokera kulikonse, ndipo adani ake oopsa amatsika kuchokera kumwamba zala zili yandaa. Dzanja langa linkalowa m'khola chimodzimodzi, kuchokera pamwamba, zala zotambasula. M'khola mulibe kothawira. Chotsala n'chiyani?

Koma chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi nzeru za B. F. Skinner, katswiri wa ku America amene m'zaka za m'ma 1930 anayamba kufufuza mmene nyama zimaphunzirira, poyamba ndi makoswe, kenako nkhunda. Mfundo yake, imene m'mabuku amaitcha operant conditioning, ndi yosavuta kuinena. Nyama ikachita chinthu n'kutsatirapo zoikomera, idzachitanso chinthucho. Zikapanda kutsatirapo, pang'onopang'ono imasiya. Ndi mfundo imeneyi Skinner anaphunzitsa nkhunda kukankhirana kampira patebulo ngati zikusewera mpikisano.

Tsono funsani kuti Tsabola ankapeza chiyani akaluma. Ankafuna kuti dzanja loopsa lija lichoke. Akaluma, dzanja linkachoka nthawi yomweyo, tsiku lililonse, osaphonya. Mphunzitsi wabwino chotere mungamupeze kuti? Ndinali nditamuphunzitsa bwino lomwe kuti njira yolankhulira ndi ine ndi mlomo. Pamwamba pa apo ndinkakuwa n'kudumphadumpha, ndipo kwa mbalame yozolowera phokoso la gulu, munthu wamkulu akukuwa ndi kanema waulere.

Ndinagula kope la masamba 40. Nthawi iliyonse Tsabola akaluma kapena kuyesa kuluma ndinkalemba zinthu zitatu: chimene chinachitika asanalume, chimene anachita, ndi chimene chinatsatira. Inu a Fomu 3 mwazindikira kale kuti apa tikukamba za stimulus ndi response, kungoti tawonjezapo chotsatira. Patatha masiku asanu ndinali ndi mizere 23. Pa imeneyi, 17 inali ya nthawi imene dzanja langa linalowa m'khola, ndipo yambiri inali ya madzulo. Mbalame imene ndinkaiti ndi yolusa chisawawa inali ndi ndondomeko yake yooneka bwino, wosaona ndinali ine.

Kope lomwelo linandiphunzitsa kuti Tsabola sankaluma mosachenjeza. Ankayamba wapendekera kumbuyo. Ndikapitiriza, nthenga ankazimata pathupi n'kuoneka wowonda, mlomo yasa. Kenako kadontho kakuda ka m'diso kankayamba kuchepa ndi kukula mofulumira. Ifetu sitingathe kulamula kadontho kameneka, kamangotsatira kuwala ndi mmene mtima ukugundira, koma kwa mbalame minofu yake ndi ya mtundu wina umene umayenda msanga kwambiri, ndipo kwa chinkhwe diso likamatero ndiye kuti chatengeka, kaya ndi chisangalalo kaya ndi mkwiyo. Mawu onsewa ankandiuza, ine osamva. Kuluma kunali kukuwa kwa munthu amene wanena "ayi" katatu.

Ndiye ndinasiyiratu kupisa dzanja m'khola, kupatula posintha madzi ndi chakudya. Ndinaona kuti m'mbale mwake amayamba kutola mpendadzuwa, choncho ndinauchotsamo wonse kuti ukhale malipiro. Zakudya zina zonse ankadya mmene akufunira, mbalame siiphunzitsidwa ndi njala. Masiku atatu oyamba ndinkangodutsa, kuponya njere imodzi m'mbale, n'kumapita osamuyang'ana. Madzulo ndinkakhala chapatali pang'ono n'kumawerenga nyuzipepala mokweza. Achemwali ankangopukusa mutu. Tsiku lachinayi Tsabola anayamba kubwera kutsogolo kwa khola akandiona, ndipo lachisanu ndi chimodzi analandira njere pa zala zanga kudzera pa waya.

Kenako ndinasema kamtengo ka nsungwi kotalika ngati pensulo ziwiri. Ndinalowetsa nsonga yake pa waya n'kungokhala phee. Chinkhwe n'chachidwi, sichingaone chinthu chachilendo osachiyesa. Atangokhudza nsongayo ndi mlomo ndinati "Eya!" n'kumupatsa njere. Apa nkhani yagona pa nthawi. Malipiro akachedwa ndi masekondi asanu okha, mbalame imakhala itachita kale zinthu zina zitatu ndipo siidziwa kuti mwailipira chiti. Mawu akuti "Eya" ali ngati lisiti: amaiuza kuti chimene wachita pompano ndi chomwecho, njere ikubwera. Pofika tsiku lachiwiri Tsabola ankayenda kuchoka mbali ina ya khola kukafika ina kutsatira kamtengo kaja. Ndinkaphunzitsa mphindi zisanu zokha, m'mawa ndi masana, ndipo njere ndinkazidula pakati kuti asakhute msanga komanso asanenepe, poti mpendadzuwa uli ndi mafuta ambiri.

Kuchokera apo zinali zongowonjezera pang'onopang'ono. Ndinatsegula chitseko n'kuika dzanja langa pakhomo pa khola, chala chili chopingasa ngati nthambi, chosagwedera. Kamtengo ndinakaika mwakuti aziyandikira dzanja kuti akakhudze. Mawa lake, mwakuti awerame pamwamba pa dzanja. Kenako phazi limodzi. Akapendekera kumbuyo ndinkachotsa dzanja mwakachetechete asanafike poluma, kuti aphunzire kuti "ayi" wapansipansi amamveka.

Sabata yachiwiri inatsala pang'ono kundigwetsa ulesi. Ndinali nditaleka kukuwa akandigwira ndi mlomo, ndinkangomutsitsira pa mtengo wake n'kutembenuka kwa kanthawi. M'malo moti kuluma kuchepe, kunakula. Anandiluma katatu tsiku limodzi, ndipo chipsera cha V chija n'cha tsiku limenelo. Ndinapeza kuti zimenezi n'zodziwika, azasayansi amati extinction burst. Inunso mumachita. Mukatsegula mpopi madzi osatuluka, simungochoka ayi. Mumapotokola mpaka kumapeto, kuugogoda, mwina kuuyamwa kumene, kenako m'pamene mumatola ndowa n'kumapita. Chinthu chimene chakhala chikugwira ntchito chikaleka, nyama imayamba yachichita mwamphamvu isanachisiye. Ndikanakuwa tsiku limenelo, phunziro lake likanakhala lakuti kuluma pang'ono sikulipira koma kuluma kwambiri. Oweta mbalame za mtundu umenewu amanenanso kuti zikakhala pakati pa miyezi inayi ndi chaka zimadutsa m'nyengo yovutavuta, yolumaluma, imene imatha yokha munthu akapanda kuiipitsa. Anzanga a Fomu 2, sindikunena inu.

Za madzulo zija zinali ndi yankho lapafupi. Khola linali pabalaza pomwe TV imalira mpaka 11 koloko usiku, pamene zinkhwe kwawo zimagona dzuwa likalowa n'kudzuka likatuluka, maola 10 mpaka 12. Tsabola ankangokhala ndi tulo. Ndinayamba kumusamutsira kuchipinda chamdima 7 koloko. Ndinamupatsanso nthambi za gwafa ndi zidutswa za katoni kuti azitafuna, chifukwa mlomo umakula moyo wonse ndipo ukasowa ntchito umaipeza pa zala za anthu.

Pa zakudya pali misampha imene ili m'nyumba mwathu momwe. Mapeyala ali ndi poizoni wotchedwa persin amene ife satipweteka koma amatha kupha mbalame. Chokoleti, khofi ndi zamchere wambiri, ayi. Mtedza wachuku ndi woopsa zedi chifukwa aflatoxin amawononga chiwindi. Utsi wa mbaula usayandikire khola, poti mapapo a mbalame amakoka mpweya mwaluso kuposa athu, ndipo poizoni wa mu mpweya amalowanso mwaluso lomwelo. Pokolopa zitosi muyambe mwazinyowetsa kuti fumbi lisauluke, chifukwa muli kachilombo kena kamene kamayambitsa matenda a psittacosis, ofanana ndi chibayo, amene amagwiranso anthu. Ikakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri.

Mwina wina akuti, mbalame basi, mavuto onsewa? Irene Pepperberg anagula chinkhwe chotuwa cha ku Africa mu 1977 n'kuchitcha Alex. Pomafa mu 2007 Alex ankadziwa mawu oposa 100, ankatchula mitundu ndi maonekedwe a zinthu, ankawerenga zinthu mpaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankatha kuyankha ngati zinthu ziwiri zikufanana kapena zikusiyana. Nzeru zomwezi n'zimene zaika zinkhwe zotuwa pamoto. Anthu anazigwira zambirimbiri m'nkhalango za ku Congo, Cameroon ndi Ghana, mpaka mu 2016 msonkhano wa CITES ku Johannesburg unaletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Kuno kwathu tili ndi tizinkhwe tathu ta nkhope yofiirira, Agapornis lilianae, timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya ku Liwonde National Park. Wina akakutsatsani kamwana ka chinkhwe m'katoni pamsewu, kachokera m'mphako ngati imeneyo, ndipo kusunga mbalame yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu.

Pa 30 mwezi uja ndinaitana achemwali pabalaza. Ndinaika dzanja pakhomo pa khola. Tsabola anatambasula khosi, n'kugwira chala changa ndi mlomo. Achemwali anati "Ii, achimwene!" Ine duu, osasuntha. Anachiyesa, anachipeza cholimba, anaponda phazi limodzi, kenako linalo.

"Nanga mwanayu?" anafunsa achemwali.

Mwana tinagwirizana kuti salowetsanso chala pa waya, ndipo amapereka njere ndi supuni yaitali ine ndili pompo. Mpaka lero lamulo ndi lomwelo, chifukwa mwana wa zaka zinayi sangawerenge diso la mbalame. M'mawa uliwonse amabwera ndi supuni yake, "Amalume, Tsabola wadzuka?"

Kopelo ndikadali nalo. Mzere womaliza ndi wa mu Disembala, tsiku limene ndinachedwa ku ukwati n'kufuna kumubwezera m'khola mothamanga. Anapendekera kumbuyo, ndinaona, koma ndinapitiriza. Achemwali tsopano funso lawo ndi lakuti kodi Tsabola ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mbalame za mtundu wake zazimuna zimatuluka mkanda wakuda ndi wofiirira m'khosi zikamayandikira zaka ziwiri kapena zitatu, zazikazi sizituluka. Pakadali pano khosi lake likadali lobiriwira lonse.