Katswili Wowelenga Nsomba Zimene Maso Saziona

Mlimi amawelenga ng'ombe zake zikalowa m'khola, koma palibe amene angawelenge nsomba zili pansi pa madzi. Komabe boma liyenela kudziwa kuculuka kwake lisanagamule ciwelengelo ca mabwato ololedwa kusodza. Nchito imeneyi amaigwila ndi akatswili a zansomba odalila masamu, ndipo mmodzi wodziwika kwambili ndi a Daniel Pauly.

A Pauly anabadwila ku Paris mu 1946, anakulila ku Switzerland, ndipo anatsiliza maphunzilo a udokotala pa yunivesite ya Kiel ku Germany mu 1979. Caka comweco anayamba nchito ku Manila m'bungwe la ICLARM, lodziwika lelo kuti WorldFish, limenenso lili ndi ofesi mu Lusaka.

Kumeneko analimbana ndi vuto lalikulu. Ku maiko ozizila, zaka za nsomba amazidziwa powelenga mizele ya pa mamba kapena pa kafupa ka m'khutu, cifukwa nsomba imacedwa kukula m'nyengo ya cisanu ndipo mzele umodzi umatsala caka ciliconse. Ku madela otentha mizeleyi sioneka bwino. Motelo a Pauly ndi anzao anakonza pulogilamu ya pa kompyuta ya ELEFAN, imene imangofuna utali wa nsomba. Wofufuza amapima nsomba zambili padooko mwezi ndi mwezi. Gulu la nsomba zoswedwa nthawi imodzi limaoneka likutalika pang'onopang'ono, ndipo kusinthako kumaonetsa mmene zikulila ndi mmene zikuthela. Bolodi lopimila ndi pensulo zinakwanila pamene kale panafunika zipangizo zodula.

Mu 1994 anasamukila ku yunivesite ya British Columbia ku Canada, kumene anayambitsa nchito ya Sea Around Us mu 1999. Mu 2016, iwo ndi a Dirk Zeller anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti nsomba zogwidwa m'nyanja zamcele zinafika pa matani pafupifupi 130 miliyoni mu 1996, pamene malipoti a maiko ku bungwe la FAO anasonyeza 86 miliyoni cabe. Zina mwa zosowazo zinali zotayidwa ndi zombo zikuluzikulu kapena zogwidwa mozemba lamulo, koma zambilinso zinali za asodzi ang'onoang'ono, zimene zimapita kumsika ndi mumphika popanda wozilemba m'buku.